Jethro Zimba ndi Dzenje la Oyilo

Taganizirani m'mawa wamba wa Lachiwiri ku Ndeke, mumzinda wa Kitwe, m'chaka cha 1966. Utsi wa ku ng'anjo zosungunulira mkuwa wagona pamwamba pa madenga ndipo ukukanda kukhosi. Njinga zikudutsa m'magulumagulu, mabelu ali ngirii ngirii. Kuseri kwa nyumba ina ya zipinda ziwiri, mwamuna wamfupi wanjuta pa mwala wochapira, akutikita palafini pa ovolosi yakuda bii ndi girisi. Ameneyo ndi Jethro Zimba, wa ku Katete, wokonza mapampu pa kampani ina yomwe inkakonza makina a m'migodi.

Ovolosi yake sankalola kuti mkazi wake Damaris achape. Ankati girisi samva madzi: palafini kaye, kenako sopo wa mtanda, kenako kutsukuluza katatu. Anzake onse a ku wekishopu ankachapa chimodzimodzi, ndipo m'manja ankasambanso motero.

Dziko linali litangolandira ufulu, mkuwa ukuyenda malonda, azungu ena akulongedza katundu. Tsiku lina manijala wa kampaniyo anamuitana Jethro. Anati amutumiza ku Mangalande miyezi isanu ndi itatu kukaphunzira mapampu atsopano, ndipo akabwerako adzakhala kapitawo. Ukapitawo unkabwera ndi nyumba ya zipinda zinayi, ya magetsi ndi mpopi wa m'kati. Damaris atamva anaimba nyimbo ya ku tchalitchi tsiku lonse.

Jethro anakafikira m'katauni ka m'mphepete mwa nyanja ya mchere, kwa mayi wina wamasiye dzina lake Maud. Nyanjayo inali yotuwa, yozizira mwakuti kuviikamo chala kunkapweteka mpaka m'phewa. Pa matanthwe ake pankakhala mbalame zomwe iye sanazionepo: msana wakuda, chifuwa choyera, zitaima chilili m'mizere ngati akulu a mpingo pa tsiku la mgonero. Lamulungu akatuluka m'tchalitchi ankapita kukaziyang'ana zikudumphira m'madzi kutsata nsomba.

M'mwezi wa Malichi 1967, sitima yaikulu yapamadzi yonyamula mafuta inagunda miyala n'kung'ambika. Patangopita masiku, mphepo inayamba kununkha ngati ku wekishopu. Mchenga unada. Mbalame zija zinayamba kukokoloka kugombe mazanamazana, zitamatidwa phula mpaka m'maso. Zina zinkayesa kudzipukuta ndi milomo, n'kumeza mafutawo. Anthu ankazitola n'kupita nazo ku shedi ina kukazitsuka, koma shediyo inadzaza. Jethro ndi Mayi Maud anatenga khumi ndi ziwiri n'kupita nazo kunyumba m'makatoni.

"Amayi, ntchito iyi ndisiyireni," anatero Jethro akupinda malaya. "Zaka fifitini ndikuchotsa girisi. Palafini muli naye?"

Anazitsuka imodziimodzi m'beseni, mosamala ngati akusambitsa khanda: palafini, sopo, kutsukuluza katatu. Zinatuluka zoyera mbee. Mayi Maud anaomba m'manja, Jethro naye mtima unali m'malo.

Kutacha, zisanu zinali zitafa. Khungu lawo linali lofiira ngati lapsa ndi moto. Tsiku lachitatu zinatsala zitatu. Patapita mlungu anapita nazo pa kagombe kena komwe mafuta sanafike, n'kuzitaya m'madzi. Zinasambira pang'ono. Kenako nthenga zinayamba kumwa madzi ngati chisanza, mbalamezo n'kumatsika pang'onopang'ono, mitu yokha ikuoneka, mpaka pamadzi panangoti zii.

Mkulu wina wa ku shedi kuja anamufotokozera mosakalipa. Nthenga za mbalame za m'madzi zili ndi mafuta akeake otchinga madzi ndi kuzizira. Palafini anachotsa zonse, zoipa ndi zabwino zomwe. Anawonjeza kuti ngakhale mwa zomwe iwo anatsuka mwa njira yawo, zambiri zinafa ndithu. Mbalame ikagwera m'mafuta, kawirikawiri yapita. Chofunika n'chakuti isagweremo.

Jethro anabwerera ku Kitwe mu Ogasiti. Manijala anamugwira chanza n'kumuuza kuti ukapitawo uyamba mu Januwale.

Kuseri kwa wekishopu kunali dzenje lalikulu lomwe ankathiramo oyilo yense wakutha. Jethro mwini anali atakhuthuliramo zidebe zosawerengeka m'zaka zonsezo, osaganizako kanthu. Mvula itayamba mu Novembala, madzi anadzaza dzenjelo, pamwamba pake n'kumanyezimira ngati dziwe. M'mawa wina anapezamo tsekwe akuphupha pang'onopang'ono, phiko limodzi litamira. M'mbali munali akakowa awiri akufa kale, oti sungadziwe kuti anali oyera. Anamukoka tsekweyo ndi waya, n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Sanamutsuke. Anamupotola khosi kuti asavutike.

Mnzake Shadreck, M'bemba wa nthabwala amene ankagwira naye pa benchi imodzi, anamupeza akukumba kadzenje.

"Iwe wodya mbewa, ndiwo ukukwirira? Kwanu kulibe nyama yoposa mbewa, lero waona tsekwe ukuchita maliro!"

"Mutengeni mukadye, odya anyani inu," anayankha Jethro. "Mukatuluka utsi ngati thirakitala musadzandifunse."

Shadreck anaseka, koma Jethro sanaseke. Mlungu umenewo anamangirira zitini pa zingwe kuzungulira dzenjelo, naimika ndi chiopsezo cha ovolosi yakale. Mbalame zinaopa masiku anayi, kenako zinazolowera. Mvula ikagwa yambiri, oyiloyo ankasefukira mu kamtsinje kotsikira ku mtsinje wa Kafue, ndipo achule ankayandama chagada.

Anapita kwa manijala, chipewa chili m'manja. Anapempha kuti oyilo azithiridwa m'migolo, dzenjelo likwiriridwe.

"Ndinakutumiza kukaphunzira mapampu, osati mbalame," anatero manijala. "Kapitawo amene ndikufuna ndi woyang'ana m'kati mwa wekishopu, osati kuseri. Wandimva?"

Jethro anamva. Madzulo ake anauza Damaris kuti akufuna kulembera kalata a zaumoyo a ku khonsolo. Damaris anasiya kusankha nyemba.

"Atate ake a Harriet, mbalame zili ndi Mlengi wake. Ife tili ndi ana anayi m'chipinda chimodzi. Dikirani Januwale apite, mukhale kapitawo, ndiye mulembe."

"Januwale ndiye pakati pa mvula. Tsiku lililonse ndikutolamo ziwiri, zitatu."

"Ndiye musalembepo dzina lanu."

"Ndine mkulu wa mpingo, amake Harriet. Kalata yopanda dzina ndi miseche. Ndimadzudzula anthu za zomwezo."

"Ku Mangalande munapha khumi ndi ziwiri, mwati. Tsopano mukufuna tilipire ndife?"

Jethro anadziwa kuti mawuwo anali ndi choona chake. Anatenga pepala, nalemba mwaukhondo zomwe anaona ndi masiku ake, pansi n'kusainapo dzina lake lonse.

Woyendera wa khonsolo anafika patapita milungu itatu, kalata ija ili m'manja, ndipo anaiika pa tebulo la manijala. Palibe amene anamukalipira Jethro. Kungoti Januwale atakwana, pa bolodi la zidziwitso panalembedwa kuti kapitawo watsopano ndi Shadreck. Tsiku limenelo Shadreck sanatchule za mbewa. Anangoima pafupi ndi benchi n'kunena motsitsa kuti, "Ba Zimba, sindinapemphe ine." Jethro anati akudziwa, n'kumupempha sipanala.

Damaris anakhala mwezi wathunthu akumuikira chakudya osalankhula. Nyumba ya magetsi ija analowamo a Shadreck, ndipo njira ya ku msika inkadutsa pakhomo pake.

Dzenje nalo silinakwiriridwe msanga. Khonsolo inalemba, kampani inalonjeza, mvula ina inagwa, inanso inagwa. Nyengo zonsezo Jethro ankalawirira kuntchito isanakwane sikisi koloko, n'kumazungulira dzenjelo akumenya chitini kuingitsa mbalame, popeza m'mawa ndi pamene zinkatera kwambiri. Anyamata atsopano ankamutcha mdala wa akakowa. Zomwe ankazipeza zitagweramo kale ankazipha yekha n'kuzikwirira pansi pa mtengo wa mango wa kumpanda. Analemberanso khonsolo kawiri, dzina lake lili pansi monga kale, ndipo mwayi wina wa ukapitawo utapezeka mu 1969 sanamuganizire n'komwe.

Anapuma ntchito mu 1983 akadali wokonza mapampu wamba, ndipo anamwalira m'nyumba yomweyo ya zipinda ziwiri ku Ndeke. Koma dzenje lija linakwiriridwa mu Okutobala 1970, mvula isanayambe, ndipo kuyambira pamenepo oyilo wakutha wa pa kampaniyo ankathiridwa m'migolo yotseka.