Aneba Athu Asokonezeka Nyengo

Pa 11 Novembala, tsiku lolawa vinyo watsopano kuno kuchigwa cha Valtellina, aneba athu okalamba ana awo adawatsitsa kuphiri n'kukawasiya kunyumba yosungirako okalamba.

Aneba athuwa nyengo sayang'ana pakalendala, amaidziwira m'mbale. Vinyo wofiira wa m'munda mwawo amamwera kambuzi pa Pasaka, tchizi m'chilimwe, bowa masamba akamayoyoka, nyama ya gwape chisanu chikagwa. Amakonda kunena kuti, "Vinyo wopanda mnzake ndi wamasiye ngati ine."

Dzulo, patatha miyezi ingapo ali kumeneko, adakankha kapu ya madzi n'kufunsa mwana wawo wamkazi, "Iwe Ornella, bowa wamera kumtunda?"

"Bambo, lero ndi Pasaka. Imwani madziwo, vinyo adokotala adaletsa."

Mkuluyo adangotembenukira kukhoma.

Tiyankhe, Ornella: bambo akowa ukuwasungira nyengo iti?