Mango wa michombo yathu

M'chaka chachitatu cha maphunziro anga a kamangidwe ka mizinda, ku Kitwe konkuno, aphunzitsi anatituma ku komboni ya Kwacha kukayeza msewu woti ukuzidwe ndi kukumbiridwa ngalande. Ndinasangalala, poti ndi kwathu. Sindinaganize n'komwe kuti chingwe choyezera chidzalowa pabwalo la amayi anga.

Pabwalopo panali mtengo wa mango. Malemu atate, amene makolo awo anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito mumgodi, ankati mwana wopanda mudzi amauluzika ngati mankhusu. Choncho mchombo wa aliyense wa ife ukagwa, ankaukwirira patsinde pa mtengowo. Wanga unali pomwepo, pamodzi ndi wa achimwene anga amene anafera ku Joni, manda awo osawaona ndi maso. Amayi akawasowa ankangokhala pamthunzipo.

Chingwe chinasonyeza kuti mtengowo uli pakati penipeni pa ngalande. M'kalasi ndinalimbana nazo mpaka anzanga anayamba kunditcha loya wa mango. Ndinajambula ngalande yokhota. Aphunzitsi anaiyang'ana mofatsa nati ikakhota, madzi adzapitiriza kulowa m'nyumba zakumunsi dzinja lililonse. Ankanena zoona, ndipo chimenecho ndicho chinandipsetsa mtima kwambiri.

"Iwe si ndiwe wophunzira?" anatero amayi nditawafotokozera. "Ukawauze kuti pansi apa pali anthu."

"Ndawauza, amayi."

"Nanga sukulu yakoyo ndi ya chiyani?"

Mpaka lero funso limenelo limandiwawa.

Tsiku lodula mtengo amayi sanalire. Anatenga khasu ndi ndowa yochapira, nakumba dothi la patsinde. Ankalifufuza ndi zala ngati akusankha nyemba, koma patapita zaka zonsezo mukanapezamo chiyani? Analidzaza m'ndowamo basi, nakaliika kuseri kwa chitseko.

Ngalande ija ikugwira ntchito, ndisaname. A kumunsi sayanikanso mamatiresi padenga. Ine ndinamaliza maphunziro, ndipo ndimajambula misewu ya eni ake.

Koma makondakitala a minibasi sanasinthe dzina la siteji. Akafika pakhomo pathu amakuwabe kuti, "Pa Mango, alipo wotsika?" Amayi, ngakhale maso anachita mdima, amatukula mutu n'kudikira mpaka minibasi inyamuke.