Tinawayeza Mwezi wa Njala

Ndikamva munthu akuti zovala za ukwati akasoketsa kunja, ndimangoyang'ana kumbali n'kupitiriza ntchito yanga. Kale ndinkatsutsa mpaka mawu kusasa, koma pano ndinatopa nazo. Ndinaziona ndi maso angawa pa ukwati wa mwana wa achemwali anga, ndipo amene zinamugwera ndi mwana wanga wamkazi, yemwe nthawi imeneyo anali Fomu 3.

Kwathu ndi kufupi ndi nyanja ya Chia. Achemwaliwo ndi amene ine ndinawaponda pamutu, ndipo nyumba zathu zinayang'anizana, yawo yamalata, yanga yaudzu. Malatawo anagula ndi mwana wawo wamwamuna amene ali ku Joni. Mnyamatayo atamva kuti mlongo wake akukwatiwa mu Okutobala, anaimba foni n'kunena kuti aperekezi a mlongo wake sangavale zosokedwa pakhonde la golosale. Anati akudziwa mayi wina wake ku Joni komweko, telala weniweni, amene amasokera anthu a pa TV. Achemwali anaika foniyo pa sipika kuti tonse timve. Ine ndinati, "Kodi nsalu ikasokedwa ku Joni imavina yokha?" Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Aperekezi anasankhidwa asanu ndi mmodzi: ang'ono ake a mkwatibwi awiri, alongo ake a mkwati awiri, mnzake wa mkwatibwi wa kukwaya, ndi mwana wanga. Tsiku limene anamuuza, anabwera akuthamanga mpaka patapata linaduka panjira. Bambo ake anamwalira iye akukwawa, ndipo chikhalire anali asanavalepo chovala chosokedwa poyeza thupi lake. Zonse zinali za pakaunjika, kapena zosiyiridwa ndi ana a achemwali omwewo. Ndiye kumva kuti telala wa ku Joni adula nsalu poganizira iyeyo, mwanayo sanadye tsiku limenelo. Ine ndinayamba kutseka pakamwa panga chifukwa cha iye.

Telalayo ankafuna miyezo msanga, akuti ali ndi ntchito zambiri. Anatumiza mawu pa foni m'Chingerezi chothamanga, mkwatibwi n'kumatimasulira. Tepi igwire thupi, akuti. Osayeza pamwamba pa chitenje, osasiya mpata ngakhale wa chala. Tinawatsekera atsikanawo m'chipinda cha achemwali, kuwavula zitenje, iwo ali kikiki, ife n'kumakoka tepi pachifuwa, m'chiuno, m'matako, mkwatibwi n'kumalemba manambala mu foni.

Umenewo unali mwezi wa Febuluwale. Abale inu, Febuluwale! Kwathu kuno mwezi umenewo aliyense amakhala ndi chiuno. Chimanga chimakhala chitatha, mpunga ukadali wauwisi m'dambo, anthu akudya kamodzi patsiku, chinangwa ndi chigwada basi. Atsikanawo nthiti zinkachita kuwerengeka. Akuluakulu tinalimo m'chipindamo, amayi obereka, odziwa bwino mmene thupi la munthu limasinthira akakolola, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganizako. Tonse mitu inali ku Joni.

Chaka chimenecho anthu anakolola. Mpunga wa faya unadzaza matumba, mbatata, mtedza, nzimbe, chilichonse. Pofika Juni atsikana aja masaya anali atatuluka, akuyenda chogwedeza. Ife tokha ndiye tinagwa nayo. Munda wanga uli kumunsi kwenikweni kwa dambo, ndipo madzi a Chia atakwera anaumiza wonse, mpunga n'kuwolera momwemo. Mwana wanga akaweruka kusukulu ankapita kukamweta mpunga wa eni ake, malipiro ake kabeseni. Ndi wamtali ngati bambo ake, ndipo anangokhala momwe analili mu Febuluwale muja.

Loweruka lililonse masana aperekezi ankayeseza kuvina pansi pa mtengo wa mango kwa achemwali, ndi anyamata awo, sipika ili pampando. Mwana wanga sanajombeko. Sitepe anaigwira msanga kuposa onse, moti mnyamata wowaphunzitsa anamuika kutsogolo ngakhale anali wamtali. Ankavina posesa, ankavina popita kumjigo ndowa ili pamutu. Ndinkamukalipira kuti adzathyola mwendo ukwati usanafike, koma mumtima ndinkasangalala.

Madiresi anati afika Julayi. Julayi anatha. Ogasiti telala anati magetsi akuzimazima, ine n'kuseka mpaka misozi, kuti ha, ku Joni nakonso? Seputembala anati asokedwa koma akudikira womutuma. Kenaka womutumayo, mmodzi wa anyamata onyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni, galimoto yake inagwidwa paboda. Achemwali miyendo imawavuta, ndiye amene ankakwera pachulu pamene netiweki imagwira ndinali ine, foni m'mwamba, dzuwa likundiwotcha pamutu, kufunsa funso limodzimodzi kwa anthu amene sindinawaonepo. Ndinatopa, ndikunena zoona. Ndinkalota madiresi amenewo.

Anafika sabata ya ukwati yomweyo, Lolemba, ali m'chikwama chimodzi ndi mabulangeti ndi zigubu za mafuta ophikira. Kunena chilungamo, anali okongola. Nsalu yake yoterera, yonyezimira, mtundu wake ngati mkati mwa papaya wakupsa. Amayi a m'mudzi anadzaza pakhonde kuti aone. Atsikana analowa m'chipinda muja, ndipo kuseka kunamveka kanthawi kochepa, kenaka kunangoti zii.

Zipi aliyense ankakwera n'kuima pakati pa msana. Tinawauza kuti apume mokoka mimba, tinakoka awiriawiri, wina tinamugoneka chafufumimba pabedi, koma ayi ndithu. Mng'ono wake wa mkwatibwi atakweza mkono, msoko wa m'khwapa unangoti phwee. Mlongo wake wa mkwati anayamba kulira, akuti tamusinthanitsira. Sitinasinthanitse kanthu, dzina la aliyense linali lomata pakolala.

La mwana wanga lokha ndi limene linalowa. Zipi anangoti tswii mpaka pakhosi. Linamukhala ngati anabadwa nalo, kutsika mpaka m'mapazi, ndipo anaima pagalasi la wadiropu akungotembenuka pang'onopang'ono. Ndinali ndisanadziwe kuti ndinabereka mwana wokongola chonchi. Ndinasangalala, ndipo sindinabise, ngakhale ena onse nkhope zinali zitagwa.

Mawa lake tinanyamula madiresi asanu aja pakabaza kupita nawo kwa telala wa pamsika, bambo wachisilamu amene wakhala akutisokera kuyambira tili atsikana. Anali atamva kale kuti tinamulambalala, ndiye anatisiya titaima kaye akumaliza kabudula wa sukulu. Kenaka anatembenuza diresi limodzi, kuyang'ana msoko, n'kuliponya patebulo.

"Wallahi, muno mulibe chofutukula," anatero. "Ife kuno timasiya nsalu m'kati mwa msoko. Uyu anadula n'kutseka m'mphepete. Bweretsani nsalu yofanana, ndiika timizere m'mbalimu. Popanda nsalu, ine si mneneri."

Tinaimba ku Joni. Telala uja anati nsalu inatha, ndipo ngakhale itapezeka singafike Loweruka lisanakwane. Anawonjezera kuti iye anasoka manambala amene tinamupatsa, ndipo pamenepo sananame. Ndinazungulira masitolo onse a paboma ndi diresi m'jumbo, kulitulutsa, kulifanizira, kulibweza. Pena yofiirira kwambiri, pena yosanyezimira. Wachibale wina wa ku Lilongwe anatumiza zithunzi za nsalu zitatu, zonse zosiyana nalo. Ndinabwera madzulo mapazi atatupa, n'kupeza achemwali, mkwatibwi ndi amayi awiri a komiti ya ukwati atakhala pakhonde. Atandiona anasiya kulankhula, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yatha kale ine kulibe.

Achemwali ndi amene anayamba. Anati nsalu yofanana ilipo, ili m'diresi limodzi mwa asanu ndi limodziwo. Limodzi liphwasulidwe kuti asanu avale.

"La ndani?" ndinafunsa, ngakhale ndinkadziwa.

Anayamba kuwerenga pa zala. Ang'ono ake a mkwatibwi sangachoke, ndi ukwati wa mkulu wawo. Alongo ake a mkwati tikawachotsa tiyambana ndi akuchimuna ukwati usanayambe. Wa kukwaya uja bambo ake ndi amene atibwereka lole yonyamula anthu. "Ndiye la mwana wathuyu ndi lalitali, nsalu yake ndi yambiri," anatero achemwali. "Komanso ndi wa m'nyumba, amvetsa."

Ndinaphulika. Ndinati limene lakwana ndi limodzi lokha, ndiye muphwasule lomwelo? Mwana walakwa chiyani, kusanenepa? Munadya mpunga wanu nokha, lero mukufuna mudyenso diresi lake? Ndinanena zambiri, zina zosayenera kuuza munthu amene unayamwa naye bere limodzi. Mkwatibwi anayamba kulira, akuti ukwati wake wawonongeka. Mayi wina wa komiti anati, "Chibale ndi fupa, mayi, sichiola." Ndinamuuza kuti fupalo akalitafune yekha. Achemwali sanakweze mawu. Anangoti, "Ndiye tipange bwanji, m'bale wanga? Tiuze iweyo." Ndinangokhala pansi.

Mwana wanga anamva zonse, anali kuseri kwa nyumba akutsuka mbale. Sanadikire kuti ndimuuze. M'mawa ndinamupeza atayala mphasa kuseri kwa khitchini, diresi lili pamiyendo, lezala ali m'manja. Telala wa pamsika, atauzidwa za ganizolo, anali atanena kuti nthawi yachepa, timasuliretu tokha misoko. Ndinati andipatse ndimuthandize.

"Ayi amayi, inu mung'amba," anatero. "Ndimasula ndekha."

Anadula ulusi umodziumodzi, mosamala, n'kumayala zidutswazo pamphasa kuti zisade. Sanalire. Bola akanalira, ndikanadziwa chochita naye. Atamaliza anazipinda, kuziika m'jumbo, n'kukazisiya yekha kumsika. Loweruka lomaliza la kuyeseza linali litatha kale, ndiye panalibe ngakhale womuuza kuti asabwerenso.

Ukwati unayenda bwino, anthu amatero mpaka pano. Atsikana asanu analowa m'holo akuvina, aliyense timizere tiwiri m'nthiti, ndipo telala wa pamsika anasoka mwaukhondo moti sunkaona chigamba. Mnyamata amene ankayenera kuvina ndi mwana wanga anaikidwa kumbuyo, akuvina yekha. Amayi amene ndinakhala nawo pafupi ankagwedeza mitu, akuti za ku Joni ndi za ku Joni basi, taonani kadulidwe ka m'mbalimo. Ine ndinangokhala, mutu ukuwawa ndi chiphokoso cha masipika. Pa perekaniperekani ndinaponya zanga n'kubwerera pampando osavina.

Mwana wanga anavala chitenje cha ukwati ngati amayi a kukhitchini. Tsiku lonse anali ndi jagi ndi beseni, kusambitsa alendo m'manja, tebulo ndi tebulo. Wina anamufunsa kuti kodi si iwe unkatsogolera sitepe pansi pa mango paja? Anangomwetulira n'kupita tebulo lina.

Chakumapeto wojambula anaitana aperekezi panja kuti ajambulidwe ndi akwati. Atsikana aja anayamba kusiya zikwama zawo ndi mafoni m'manja mwa mwana wanga, poti ndi amene anali pafupi. Anaima nazo pambali pawo penipeni, pafupi ndi mng'ono wake wa mkwatibwi, akuwakonzera mipendero ndi dzanja limodzi. Wojambulayo anali mlendo, sankadziwa kanthu. Anasuzumira m'kamera yake n'kukweza dzanja.

"Iwe wachitenje, tapatuka pang'ono, ukuoneka."

Ndinadzuka pamene ndinakhala pafupi ndi khomo la holo, chitenje ndikumangitsa m'chiuno, mawu ali kale pakamwa, ndipo tsiku limenelo holo yonse ikanandimva. Achemwali anandiona ndikubwera n'kuyang'ana pansi. Koma mwana wanga anali atapatuka kale. Anandichingamira ndi zikwama za anzake zili m'khwapa, n'kundigwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo kundilowa.

"Amayi, chonde," ananong'ona. "Musandichititse manyazi kawiri."

Ndinatseka pakamwa. Tinaima pomwepo awiriwiri padzuwa, kudikira kuti amalize kujambula, kuti eni zikwama atenge zikwama zawo.