Chiseko cha Mayi Wogulitsa Nsomba

Mwana woleredwa bwino akapatsidwa mphatso ndi munthu wamkulu amalandira ndi manja awiri, kenaka amatenga dzanja la wamkuluyo n'kuligunditsa pamphumi pake. Ife a m'tauni ya Malabon lamulo limeneli tinaliyamwira kubere. Efren Lacsamana analiphwanya dziko lonse likuona.

Masiku amenewo wailesi yakanema inkakhala imodzi mumsewu wonse, ndipo Loweruka anthu ankaunjikana pazenera la mwini wake kuonera sewero lanthabwala la Efren. Ankalijambula pamaso pa anthu kuti kuseka kwawo kuzimveka.

Isang Magpayo anali mayi wamasiye, wogulitsa nsomba zowamba pamsika. Mwamuna wake atamira panyanja, sewero limenelo ndilo linamuphunzitsanso kuseka. Tsiku lina anasankha nsomba zonona koposa, nazikulunga m'tsamba la nthochi, napita kumalo ojambulira sewerolo kukathokoza. Atamuitanira kutsogolo anapereka mphatso yake kwa Efren, mnyamata amene akanatha kukhala mwana wake.

Efren anatseka mphuno.

“Anthuni, watsegula chitseko cha msika ndani? Mayi, kodi inu ndi sopo munayambana liti?”

Anthu anafa nazo nseko. Isang anamva misozi ikubwera, ndipo pofuna kuibisa anaseka koposa onse, chiseko chachitali chothera m'kachifuwa. Amisiri ojambula mawu anachikonda, nachisunga pa tepi. Kuyambira pamenepo, nthabwala ya Efren ikazizira ankaikapo chiseko chimenecho. Loweruka lililonse manyazi a mayiyo ankalira m'nyumba za anthu.

Pamsika anamutcha Mdani wa Sopo. Zimenezo akanazipirira. Chimene chinamulasa mtima n'chakuti mwana wake mmodzi yekhayo, Dolor, anayamba kulambalala msika pochokera kusukulu.

“Amayi, munasekeranji? Munthu akukunyozani, inu n'kumamuthandiza kuseka?”

“Ukanakonda ndilire pakanema, mwanawe?”

“Ndikanakonda mukanakhala ngati amayi a anzanga.”

Mawu otere mwana sayenera kulankhula kwa mayi wake. Koma mawuwo anatuluka, ndipo Isang anawameza. M'mawa mwake anayala nsomba zake pamalo omwewo.

“Mdani wa Sopo!” anafuula Mang Tonyo, ndiko kuti Bambo Tonyo, wogulitsa mpunga. “Nsombazo zasamba lero?”

“Zakhala m'madzi moyo wawo wonse, achimwene. Nanga inu munalowamo liti?”

Msika wonse unaseka, koma tsopano unkasekera mbali yake. Anthu anayamba kubwera kudzagula nsomba n'kutengerako yankho. Mmodzi wa iwo anali mayi wolemba masewero, amene anamupempha kukayesa mbali ya mnansi wolongolola, mizere iwiri yokha.

Isang sankawerenga bwino. Mnzake wa pamsika ankamuwerengera, iye n'kumaloweza akutembenuza nsomba pautsi. Ulendo woyamba anauma pakamwa ataona magetsi a pojambulira, nabwezedwa. Wachiwiri anajambulidwa, koma gawo lake analidula. Wachitatu anamusiya padzuwa tsiku lonse osamuitana. Anapitanso kachinayi.

Mizere iwiri inasanduka khumi. Patapita zaka anasewera ngati mayi wofunafuna mwana wake wotayika, ndipo ngakhale madalaivala ankaimika magalimoto kuti aonere. Dziko lonse linkamutcha mwaulemu Aling Isang, ndiko kuti Mayi Isang. Dolor yekha, ngakhale anakula nakhala namwino, ankatuluka m'chipinda kanema akayatsidwa. Ankawasamala amayi ake, koma m'maso sankawayang'ana nthawi yaitali.

Zitatha zaka makumi atatu, nyumba ya kanema imene inkaonetsa sewero la Efren inaitana akatswiri akale ku pulogalamu yokumbukira masewero a makedzana. Miyendo ya Isang inali itafooka, choncho Dolor anamuperekeza, nakhala pampando wakutsogolo nkhope ili gwa.

Anaonetsa zidutswa za sewero la Efren. Chiseko chija chinamveka kamodzi, kawiri, kachitatu. Isang anaona mwana wake akuweramitsa mutu ngati kale.

“Mang Efren,” anatero woulutsa, “chinsinsi cha sewero lanu chinali chiyani?”

Efren anali atachita imvi, ndipo dzina lake achinyamata sankalidziwanso. Anaimirira.

“Chinsinsi mwachimva katatu tsopano. Chiseko chimenecho n'cha Aling Isang. Anandibweretsera nsomba pondithokoza, ine ndinawanyoza kuti ndiseketse anthu. Ndinali pafupi, ndinaona misozi m'maso mwawo. Sankaseka nthabwala yanga. Anandibisira tchimo langa, chifukwa akanalira tsiku limenelo dziko likanandilavula. Ine ndinadyera chiseko chawo zaka khumi ndi ziwiri osapepesa. Nsombazo ndinakadya kunyumba, ndipo zokoma chotero sindinadyenso. Ndinalakwa, mayi. Ndinalakwira inu ndi mwana wanu.”

Anayenda mpaka pampando wa Isang, nawerama, natenga dzanja lake n'kuligunditsa pamphumi.

Isang anamuyang'ana.

“Samala, mwana wanga,” anatero mofatsa. “Dzanja limeneli ndi sopo sanayanjanebe.”

Anthu anaseka akupukuta misozi. Isang anamva wina akugwira dzanja lake linalo. Anali Dolor, akumuyang'ana m'maso osaphethira.

“Amayi, sekaninso. Ndikufuna ndimve bwinobwino.”

Inu amene mwasekedwa pagulu, ndi inu amene ana anu akuchita nanu manyazi lero, m'mawa kayaleni katundu wanu pamalo omwewo. Akakubwezani katatu, pitani kachinayi. Mtima wanu musautaye.