Chilombo Chotsimphina Ngati Adada

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene chilombo chinandinyamula m'nkhalango ya paini ku Chikangawa, ndipo chilombocho anali adada anga.

Adada, a Tembo, ankacheka matabwa kumeneko mpaka tsiku limene chipika chinawaphwanya mwendo. Atachira ankayenda mokoka phazi, phewa limodzi litagwa, ndipo ntchito inatha. Tikumanga katundu kuti tibwerere kwathu ku Champhira, kunafika bambo wina wa ku Limbe ndi kamera yaing'ono yolira ngati nyenje. Ana tinkangomutcha Akamera. Ankati akupanga kanema woopsa, koma analibe kalikonse. Chilombo chake anachisoka ndi masaka, makungwa a paini ndi nyanga za mbuzi. Ataona mayendedwe a adada anawomba m'manja.

"Bambo, mwendo umenewu ndi mphatso. Wina ndikanachita kumuphunzitsa."

Adada sanaseke, koma m'nyumba munalibe ufa. Anavala masakawo. Ine ndinali nditametedwa mpala chifukwa cha zipere, choncho anandiveka kabudula ndi malaya oyera ngati mnyamata, n'kundiphunzitsa kufa: kugwetsa mutu, kulekerera dzanja lizilendewera. Magazi anali utomoni wa mtengo wa mlombwa, umene adada anakatema okha kunsi kwa phiri. Unkamata, ndipo pa malaya aja sunachokenso.

Pobwerera adada anandigwira khutu. "Temwa, munthu uyu alibe chilolezo cha boma. Ukayankhula atitenga tonse, ndipo otengedwa sabwera." Masiku amenewo mawu otere sankafuna kubwereza. Ndinatseka pakamwa.

Chaka chotsatira, tsiku la msika, Akamera anatulukira pa Champhira. Tinamva pambuyo pake kuti maholo a m'tauni anamukanira kanemayo, mbwenu ankangozungulira m'misika ndi kainjini ka magetsi pa pikiapu. Anabwereka shedi ya kuseri kwa golosale, mazenera n'kutseka ndi masaka, dzuwa lili paliwombo. Wopanda tambala ankalowa ndi dzira. Ine ndinalowera pakati pa miyendo ya anthu, ndikufuna kudziona.

Mumvetse, kanema amene tinkamudziwa ife anali wa galimoto ya boma: kathiridwe ka feteleza, amayi akuvina pabwalo la ndege, msewu watsopano. Zonse zinali zoona. Palibe anatiuzapo kuti kanema anganame. Komanso dzinja lomwelo aNyaZgambo, oyandikana nafe nyumba, anali ataika m'manda mwana wawo Chimango, amene anadwala m'mawa n'kumwalira dzuwa lisanalowe. Mudzi wonse unali ukufunsabe kuti wamudya ndani.

Kanemayo analibe mawu. Akamera ankabangula yekha m'chitini. Chilombo chinatuluka m'mitengo, anthu n'kukuwa, ena kuseka. Kenako chinayamba kuyenda, chikukoka phazi, phewa limodzi litagwa. Kuseka kunatha. Kumbuyo kwanga mwamuna wina ananong'ona, "A Tembo awo."

Chitanyamula kamwana ka mpala, nkhope yosaoneka bwino, malaya ali psuu, aNyaZgambo anaimirira.

"Mwana wane! Chimango, mwana wane!"

Ndinathamangira kwa Akamera. "Awuzeni kuti ndine! Awuzeni!" Anandiyang'ana ngati sanandionepo, manja ake akukulunga kale mawaya. Anthu asanathe kutuluka m'shedi, pikiapu inali italira.

Ndinadutsa m'minda ya fodya kulowera kunyumba, kuthamanga, kugwa, kudzuka, koma miyendo ya akuluakulu ndi yaitali. Ndinapeza anthu aja atazungulira chigafa chathu, adada ali pansi pamene ankasoka fodya, dzanja lili pa diso, magazi enieni akutsika m'chigongono. Mipini ya makasu inali m'mwamba. Adada ankangoti, "Lekani, abale, lekani," koma za kanema sanatchule. Ankaopabe boma kuposa miyala.

Ndinakuwa kuti mwana uja ndine. Mawu anga anamira. Amama anathamangira m'nyumba n'kutulutsa malaya oyera aja m'bokosi, akuganiza kuti ndiwo atipulumutse.

"Onani! Ndi a Temwa awa!"

Anthu ataona zofiira zija anabangula kuposa Akamera. "Asunga ndi magazi omwe!" Mayi wina anagwira aNyaZgambo kuti asagwe. Ndinaona mnyamata amene ankaimba kwaya ndi amama akusankha mwala waukulu.

Sindidziwa chimene chinandituma. Pambali pa khola panali mlombwa umene tinkamangirirapo mbuzi. Ndinatola chikwanje, ndikutema, ndikutema, ndikulira, mpaka khungwa linatseguka ndi kuyamba kukha zofiira. Ndinapaka kumaso, pakhosi, pa diresi. Ndinakwawa pansi pa mikono ya anthu n'kudzigwetsa pa adada.

"Adada, ndinyamuleni. Ngati tsiku lija. Chonde, adada, ndinyamuleni!"

Anandiyang'ana ndi diso limodzi lotsalalo. Kenako anaimirira, n'kundiika paphewa. Ndinagwetsa mutu, dzanja n'kulilekerera. Adada anayenda kuchoka pachigafa kupita pakhola, akukoka phazi, ine ndikuona dziko chadodolido: mapazi a anthu, mipini ikutsika pang'onopang'ono. Tili pakati pa bwalo ndinadzutsa mutu n'kunena, "Yewo, ndauka."

Mkulu wina wopala mipando anapita pamtengo paja, anakhudza ndi chala, n'kununkhiza. "Mlombwa uwu," anatero. Wina anaseka mwamanyazi. Mwala waukulu uja unagwa pansi. Anthu anayamba kubalalika, aliyense akunena kuti iye anangobwera kudzaleretsa.

ANyaZgambo okha sanachoke. Anatola malaya aja pafumbi, anawatembenuza, anawayang'ana kukhosi ngati akufuna dzina. Kenako anawapinda bwinobwino n'kuwasiya pakhonde. Mpaka imfa yawo sanatipatsenso moni. Diso la adada silinaonenso, ndipo a boma amene tinkawaopa aja sanabwere n'komwe.

Zaka zambiri ndinkadana nawo mayi aja. Ndinkati ndi opusa chomene, munthu wamkulu osasiyanitsa mbuzi ndi chilombo.

Lero ndili pa Mzimba boma, ndili ndi mwana wanga mmodzi, Vitumbiko. Kuseri kwa msika atsegula nyumba ya vidiyo, ndipo zilombo zimabangula kumeneko kuyambira m'mawa. Aliyense tsopano akudziwa kuti n'zopanga. Koma mwezi watha Vitu anatentha thupi, maso n'kutembenuka, ine ndikuthamanga naye kumsana kupita kuchipatala, ndikumuitana, osayankha. Mumsewumo ndinkayang'ana nkhope ya aliyense. Amene anamupatsa nthochi dzulo ndani? Amene anamuyamikira kunenepa ndani? Ndinkafuna munthu, munthu aliyense, woti ndimuloze.

Vitu anachira. Koma pabenchi ya chipatala paja ndinawakumbukira aNyaZgambo akupinda malaya. Tsiku lija ife tinapulumutsa adada athu, koma iwo tinawalanda yankho lokhalo limene anali atapeza. Akanakhala Vitu m'kanema muja, ndikudziwa tsopano, mwala woyamba ndikanatola ndine.