Amayi ndi Shawa ya ku Machinjiri

Nyumba yoyamba imene tinalowa ine ndi amuna anga titangokwatirana inali ku Machinjiri. Inali yaing'ono, khitchini yake yoti ukatembenuka umagunda khoma, koma inali ndi bafa la m'nyumba. La matailosi, la shawa, chimbudzi chogejemula chili pambali pomwepo. Ine ndinakulira ku Ndirande, pa poloti ya mabanja asanu ndi limodzi, tonse tikusamba m'bafa limodzi la malata lopanda denga. Ukalowamo ndi ndowa yako umakoloweka chitenje pakhomo n'kumatsokomola pafupipafupi kuti wobwera adziwe kuti muli munthu. Ndiye tsiku limene anatipatsa makiyi, amuna anga ali kalikiliki kuyeza ngati bedi lingalowe kuchipinda, ine ndinali m'bafa, kutsegula mpopi, kutseka, kutsegulanso, ndikuseka ndekhandekha.

Chisangalalo chitatsika pang'ono m'pamene maso anayamba kuona. Amene ankakhalamo tisanalowe anali abatchala awiri, ndipo zinkaoneka kuti bulashi sankaidziwa. Matailosi amene kale anali oyera anali atasanduka achikasu. M'mizere ya pakati pake munali nkhungu yakuda bii. Pakona panali ndere zoterera. Shawa inkatulutsa madzi pa timabowo titatu tokha, kena kolunjika kukhoma, kena m'maso. Ndipo madzi sankapita. Ukamaliza kusamba umapezeka waima m'dziwe lofika m'akakolo.

Ndinakwecha sabata yathunthu ndi sopo waufa mpaka zala kutuwa. Ndinagula botolo la bulichi, kuthira, kukwechanso. Bafa linkanunkha ngati chipatala koma maonekedwe ake osasintha. Amuna anga anati tingolizolowera poti sitidyeramo. Ine ndinaimbira foni amayi.

Amayi anagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi zaka zambiri, kuyambira ine ndisanabadwe mpaka mawondo atayamba kuwavuta. Pafoni sanafunse zambiri. Anangofuna kudziwa ngati bafalo lili ndi windo, n'kunena kuti abwera Lachinayi akaweruka kumsonkhano wa amayi a kutchalitchi.

Anafikadi Lachinayi masana, ali mu yunifomu yawo: bulauzi yoyera mbee, siketi yakuda, duku loyera. Dzanja lina Baibulo, lina jumbo. Tsikulo madzi anali atasiya kuyambira m'mawa, koma ndinali nditadzaza ndowa ziwiri ndi chigubu. Ndinawapempha kuti asinthe, avale diresi langa. Anakana, amvekere munthu wodziwa ntchito sadzithimbirira. Anangomanga chitenje m'chiuno, kuvula nsapato, n'kukhuthula jumbo ija pansi: mandimu asanu, paketi ya soda, botolo la vinega, mswachi wakale wa abambo, waya wa hang'ala, ndi kachidutswa ka mphira ya chubu cha njinga.

Ndinawafunsa ngati tikuphika therere.

"Seka," anatero amayi. "Koma tsegula windo kaye."

Anaima pakati pa bafa manja ali m'chiuno, kuyang'ana kudenga, kukhoma, pansi, ngati dokotala woyendera odwala. Ataona botolo la bulichi analinyamula ndi zala ziwiri n'kukalisiya pakhonde, ati lero lipume. Anandiuza kuti bulichi ndi vinega saonana. Iwo anazisakanizapo kamodzi akadali mtsikana, kunyumba kwa bwana wina, ndipo anatuluka m'bafamo chokwawa, akutsokomola, misozi ili chuchuchu, galu wa pakhomopo n'kuyamba kuwauwa poti sanaonepo munthu wamkulu akuyenda ndi miyendo inayi. Pofotokoza ankaonetsa ndi mmene galuyo anabwererera chambuyo.

Anayamba ndi shawa. Anathira vinega m'kajumbo, kuveka mutu wa shawayo ngati chipewa, n'kumanga ndi mphira ija kuti timabowo tonse timire. Anati zoyerayera zimene zatseka timabowoto ndi zotsalira za m'madzi, ndipo vinega adya yekha, ife tisamuthandize. Kenaka anasakaniza soda ndi madzi a mandimu m'kambale mpaka zinachita phalaphala, zikuwira thovu, n'kundipatsa mswachi kuti ndipake m'mizere ya matailosi kuyambira pamwamba kutsika m'munsi. Ndikangofuna kukwecha ankandimenya dzanja.

"Paka usiye. Litsiro lakale silimva mphamvu, limamva nthawi."

Tili chidikirire, anagwada pa kabowo kotulukira madzi, kuchotsa kachitsulo kovundikira, kupinda waya uja kumapeto ngati mbedza, n'kulowetsa. Anapotokola, anapotokola, kenaka n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono. Chimene chinatuluka chinali chakuda, chonyowa, chachitali, chokhala ndi mchira. Ine ndinati khoswe. Sindidziwa mmene ndinakwerera, koma ndinangopezeka ndaima pamwamba pa chimbudzi, mswachi uli m'mwamba ngati mkondo. Amayi anachibweretsa pafupi ndi mphuno yanga kuti ndione bwino. Linali tsitsi ndi ulusi wa meshi zitamatana ndi sopo.

Anachiyang'anitsitsa, n'kunena mofatsa kuti: "Abatchala ako aja ankalandira alendo."

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Amayi anakhala pansi n'kutsamira khoma, kuiwala kuti khomalo talipaka soda ndi mandimu. Atadzuka, kumsana kwa bulauzi kunali mizeremizere ngati kope la masamu. Ndinawakumbutsa za munthu wodziwa ntchito uja, iwo n'kundiponyera chikanda cha ndimu.

M'kabowo muja anathiramo soda wambiri, kutsatiza vinega. Zinawira, thovu n'kukwera likulira tsii, ine n'kubwerera m'mbuyo. Patapita nthawi tinathiramo madzi otentha a m'ketulo amene ndinawiritsa pa mbaula. Kabowoko kanameza madzi onse kamodzi n'kamodzi, n'kugeya. Ndinathiranso ndowa theka kuti ndimvenso kugeyako, amayi n'kundikalipira kuti ndikuwononga madzi tsiku loti mpopi wauma.

Apo m'pamene anandilola kukwecha. Mswachi utangodutsa kawiri, mzere woyamba unayera. Ndinaimirira n'kuvina pang'ono. Wachiwiri unayeranso. Tinagawana, iwo khoma la kuwindo, ine la kuchitseko, tikupikisana kuti amalize ndani. Pogwira ntchitopo ankandipatsa malamulo mosatsata ndondomeko, monga mmene akuwakumbukirira. Chimbudzi chikhale ndi bulashi yakeyake ndi nsanza yakeyake, ya mtundu wosiyana ndi ya pasinki, kuti ngakhale mwamuna asasokoneze. Sitiliwulu ya mapoto isafike pa matailosi, imakanda, ndipo mokandikamo ndi mmene litsiro limamanga nyumba. Taulo yonyowa ikaone dzuwa. Windo lisatsekedwe masana. Ndere sizifuna mankhwala ayi, zimafuna bulashi yolimba ndi kuumitsa pansi. Anadula ndimu pakati n'kupukuta mpopi wa pasinki, mpopi n'kuwala mpaka ndinaonamo nkhope yanga ili ndi mphuno yaikulu ngati mbatata.

Chinatsala ndi shawa. Amayi anaima pansi pake, kumasula mphira, kuchotsa kajumbo, n'kuyamba kutokosa timabowo ndi phini ya pa duku lawo, kamodzikamodzi, nkhope ataloza kumwamba. Chimene ndinaiwala n'chakuti m'mawa, poyesa ngati madzi alipo, mpopi wa shawawo ndinausiya chitsegulire.

Paipi inatsokomola kamodzi. Inatsokomolanso. Tisanaganize kanthu, madzi anakhuthuka pa timabowo tonse nthawi imodzi, mvula yeniyeni, pa duku, pankhope, pa bulauzi. Ndinathamangira pampopi kuti nditseke, koma amayi anandigwira dzanja.

"Usatseke."

Anaima chomwecho maso atatsinzina, madzi akuyenda m'masaya, duku litamatirira kumutu. Ndinaganiza kuti akwiya. Kenaka analankhula, mawu akudukaduka ndi madzi:

"Mwanawe, zimenezi ndatsuka zosawerengeka. Koma pansi pake sindinaimepo."

Kumayadi kuja amayi ankasamba ndi ndowa kuseri kwa nyumba ya antchito, ndipo kwathu ku Ndirande kunali ndowa yomweyo. Zaka zonsezi ine sindinaganizeko zimenezo. Koma amayi sanandipatse mpata woti ndilire. Anatsegula diso limodzi, n'kunena kuti madziwa akuzizira ngati a pa Mulanje, n'kundikokera momwemo ndi diresi langa.

Tinali azimayi awiri akuluakulu, ovala, tikulimbirana pakati pa shawa m'kabafa kopanikiza. Ndinkakuwa ndi kuzizira, iwo akuseka mpaka kutsamwa. Anatambasula manja, kutembenuka, kupereka msana, kupereka khosi. Anati zikukhala ngati tizala ta ana tikukugogoda pamutu. Kenaka anandikankhira kunja, ati ndiwabweretsere sopo wonunkhira ndi taulo yabwino, osati ya masiku onse, ndipo nditseke chitseko.

Ndinasintha zovala, kuyanika yunifomu yawo pachingwe, n'kuteleka tiyi. M'bafa munayamba kumveka nyimbo ya kutchalitchi. Anayamba chapansipansi, koma atamva mmene matailosi akubwezera mawu anakweza, n'kumaimba mawu a azimayi ndi a azibambo omwe, okha.

Nthawi imeneyo ndi imene amuna anga anafika kuchokera kuntchito. Iwo ndi a kumpoto, analeredwa mwaulemu kwambiri, ndipo nthawi imeneyo ankachita manyazi ndi amayi mwakuti ngakhale kudya pamaso pawo sankatha. Analowa mofulumira, akuoneka kuti minibasi yawachedwetsa ndipo akufuna kuchimbudzi. Atafika pakati pa balaza anaima, kumvetsera, n'kundifunsa monong'ona kuti akuimba m'bafayo ndani.

Ndinati ndi apongozi awo.

Anayang'ana chitseko cha bafa, kuyang'ana ine, n'kutembenuka ndi chikwama chawo chomwecho. Ndinawaona pawindo akuyenda timasitepe tifupitifupi kulowera kwa aneba amene tinali tisanadziwane nawo n'komwe. Umu ndi mmene tinadziwanirana ndi banja la kuseri kwathu, ndipo ndi abwenzi athu mpaka lero. Atachoka kumeneko sanabwerere msanga. Anazungulira mpaka kumsika, n'kubwera ndi tomato ndi anyezi zimene sindinawatume.

Amayi anatuluka patapita nthawi yaitali, atavala diresi langa la maluwa limene linkawafika m'mawondo, nkhope ikuwala, zala zitachita makwinya. Asanakhale pansi anabwereranso m'bafa ndi nsanza youma, kupukuta makoma ndi pansi mpaka gwa. Anati limeneli ndiye lamulo lalikulu kuposa onse: wosamba womaliza apukute, chifukwa nkhungu imabwera pamene madzi agona.

Amuna anga anawapatsa moni atanjuta pakhonde, chipewa chili m'manja, maso ali pansi. Amayi anayankha mwaulemu wonse ngati sanali iwo amene amaimba besi posachedwapa. Kenaka anatembenukira kwa ine, mkamwini wawo ali pomwepo, n'kundiuza kuti ndikawauze bambo a pakhomo pano kuti nsanza yobiriwira ndi ya makoma, yofiira ndi ya chimbudzi. Amuna anga anayankha okha kuti amva. Ndipo anamvadi. Mpaka pano akasamba ndimamva akupukuta khoma, ngakhale tinasamuka kalekale m'nyumba ija.

Ndinawaperekeza amayi kusiteji dzuwa lisanalowe, yunifomu yosauma bwino ili mu jumbo. M'njira ankangodzinunkhiza mkono n'kumaseka. Anandipempha kuti abambo anga ndisawauze kuti anasamba atavala duku, angawaseke mwezi wathunthu. Minibasi itaima, phazi lina lili kale m'kati, anatembenuka n'kunena kuti nkhungu ndi yochenjera, imabwerera mwakachetechete, ndiye abweranso Loweruka kudzayendera.

Loweruka anabweradi. Anayang'ana makoma kanthawi kochepa, n'kunena kuti zili bwino ndithu, kenaka n'kutulutsa taulo yawoyawo m'chikwama. Sabata yotsatira anabwera ndi mnzawo wa kutchalitchi, mayi wonenepa wa mawu okoma, ati naye amadziwa za nkhungu. Ndinawapatsa sopo, ndinateleka tiyi wa anthu atatu, amuna anga n'kutenga chipewa chawo kupita kukaona mpira.