Ng'ona ya pa Doko la Mbungo

Ng'ona ija kunalibe, ndivomere lero.

Amuna anga ali ku Joni, ndinkapalasira bwato namwino wachizungu wa kumishoni, wokonda kujambula mbalame. Tsikulo tinayandama pansi pa chisa cha nkhwazi kuyambira m'mawa, iwo kamera ili pamimba, kudikira kuti make anapiye atere. Khanda langa ndinali nditalisiya kumtunda ndi apongozi. Mawere anadzaza mpaka kuwawa, mkaka n'kuyamba kunyowetsa nsalu.

"Adona, tibwerere?"

"Chete, Esinati! Ikubwera."

Nkhwazi itangotambasula mapiko kuti itere, ndinakuwa, "Ng'ona!" n'kupalasa ngati wamisala.

Chithunzi sichinajambulidwe, koma adona anauza Chipyela yense kuti ndinawapulumutsa. Amayi a ku Mbungo analithawa doko lija mwezi wathunthu, madzi n'kumakatunga kutali. Inenso ndinkapita nawo, mtsuko pamutu, ndikuwafotokozera kutalika kwa ng'onayo.